Diana Wynne Jones: mwana amene anasowa mabuku, nayamba kulemba akeake

Mayi ena andilembera imelo sabata yathayi. Akuti iwo ndi ana awo anaonera filimu ya zithunzi zojambula yotchedwa Howl's Moving Castle, ndipo pa mayina otuluka kumapeto anaona kuti nkhaniyo inatengedwa m'buku la Diana Wynne Jones, dzina limene anali asanalimvepo. Atafufuza pang'ono anadabwa kumva kuti munthuyu analemba mabuku oposa 40, choncho akufunsa kuti anali yani, mphamvu yolemba chomwechi anaitenga kuti, ndiponso ngati nzoona zimene wina anawauza zoti ankatengera nkhani za Harry Potter, mabuku otchuka onena za mnyamata wamasiye wophunzira pasukulu ya zamatsenga.

Mayi, ndiyambe ndi funso lomalizali chifukwa silichedwa. Buku loyamba la Harry Potter linatuluka mu 1997, pamene Charmed Life, buku la Jones lonena za mnyamata wamasiye wotengedwa kukakhala kunyumba yachifumu ya katswiri wa matsenga, linatuluka mu 1977, ndipo Witch Week, limene nkhani yake imachitikira pasukulu yogonera komweko, linatuluka mu 1982. Wobwera m'mbuyo sangatengeredwe ndi amene anatsogola zaka 20. Chimene chinachitika nchakuti Harry Potter atatchuka, osindikiza anatulutsanso mabuku akale a Jones amene anali atasowa m'masitolo, ndipo owerenga atsopano anawapeza m'dongosolo lotembenuka.

Funso lanu lachiwiri ndilo landigwira mtima, ndipo yankho langa ndi lakuti mayiyu analemba kwambiri chifukwa ali mwana anamva njala ya mabuku, njala imene sinathe mpaka imfa yake. Anabadwira ku London pa 16 Ogasiti 1934, ali woyamba mwa ana aakazi atatu; ang'ono ake anali Isobel ndi Ursula. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, anatumizidwa ku Pontarddulais m'dziko la Wales kwa agogo ake aamuna amene anali mbusa wa mpingo, ndipo kumeneko mwana wa zaka zisanu anakhala m'tchalitchi kumvetsera ulaliki wa m'chinenero cha ku Wales chimene sanali kuchimva. Banjali linayendayenda, ku Lake District, ku York, kenaka mu 1943 linakhazikika m'tauni yaing'ono ya Thaxted ku Essex, kumene makolo ake ankayang'anira malo ochitira misonkhano ya maphunziro.

Makolowa anali anthu ophunzira, koma ana awo sanawalabadire. Mwiniwake anasimba kuti atsikana atatuwa ankagona m'kachipinda kapadera kunja kwa nyumba yaikulu, akudzisamalira okha, pamene akuluakulu anali otanganidwa ndi alendo. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi nkhani ya mabuku. Bambo awo, amene anali ouma manja, anagula mabuku a ana olembedwa ndi Arthur Ransome, nawatsekera m'kabati, ndipo Khirisimasi iliyonse ankatulutsamo limodzi lokha kuti ana atatuwo agawane. Taganizani, mayi, mwana wokonda kuwerenga akuyang'ana kabati yokhoma, akudziwa kuti m'katimo muli mabuku, koma lotsatira adzaliona chaka chamawa. Diana anatenga makope a kusukulu nayamba kulembamo nkhani zazitali zoti aziwerengera ang'ono ake usiku. Anachita zimenezi ngakhale anali ndi vuto la dyslexia, limene limasokoneza munthu pozindikira ndi kusanja zilembo, moti atanena kuti adzakhala wolemba mabuku, akuluakulu anangomuseka.

Mu 1953 analowa koleji ya St Anne's pa yunivesite ya Oxford kukaphunzira Chingerezi, ndipo anali ndi mwayi womva olemba mabuku otchuka C. S. Lewis ndi J. R. R. Tolkien akuphunzitsa. Iye ankakumbukira kuti Lewis ankalankhula ndi mawu amphamvu m'holo yodzaza, pamene Tolkien ankang'ung'udza atayang'ana ku bolodi, mpaka ophunzira ambiri anasiya kubwera, koma iye anapirira chifukwa zimene nkhalambayo inkanena za mmene nkhani imamangidwira zinali zamtengo wapatali. Anamaliza mu 1956, nakwatiwa chaka chomwecho ndi John Burrow, katswiri wa zolembedwa zakale za Chingerezi, ndipo anabereka ana aamuna atatu. Mu 1976 banjali linasamukira ku Bristol kumene anakhala moyo wake wonse wotsala.

Mwina mudabwa kumva kuti wolemba mabuku ochuluka chotere anayamba mochedwa. Buku lake loyamba, Changeover, linatuluka mu 1970 ali ndi zaka za m'ma 30, ndipo silinali la ana. Linali nkhani yoseketsa ya akuluakulu yochitikira m'dziko longopeka la mu Africa limene likukonzekera kulandira ufulu wodzilamulira. Mabuku a ana anawadziwa bwino pamene ankawerengera ana ake, ndipo apo mpamene anaona zimene iye anamanidwa, naonanso kuti ambiri mwa mabukuwo ankanyoza nzeru za mwana. Wilkins' Tooth linatuluka mu 1973, The Ogre Downstairs mu 1974, ndipo m'chaka cha 1975 chokha anatulutsa mabuku atatu. Charmed Life linapata mphoto ya nyuzipepala ya Guardian ya mabuku a ana mu 1978, ndipo linatsegula mndandanda wa nkhani za Chrestomanci, munthu waudindo woyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka matsenga m'maiko ambiri oyandikana.

Mukawerenga mabuku ake atatu kapena anayi mudzaona chinthu chobwerezabwereza: akuluakulu sadalirika. Mayi akhoza kukhala wodzikonda, bambo wosasamala, mlongo wako weniweni akhoza kukudyera masuku pamutu, ndipo mwana ayenera kudzitulukira yekha kuti mphamvu zimene ankaganiza kuti alibe anali nazo kuyambira kale. Buku la The Time of the Ghost la mu 1981, lonena za atsikana apachibale osiyidwa okha ndi makolo otanganidwa ndi sukulu yawo, ndilo limayandikira kwambiri ubwana wake. Ena amati zimenezi nzolemera kwa ana. Ine sindivomereza, chifukwa mwana amene akunyalanyazidwa amadziwa kale zimene zikumuchitikira, ndipo chimene amasowa ndi buku lomuuza kuti sakulota, komanso lomuseketsa ali m'kati mwa vutolo. Jones ankadziwa kuseketsa, ndipo nthabwala zake sizichepetsa ululu wa nkhani.

Za buku limene linakufikitsani kwa ine, Howl's Moving Castle, linatuluka mu 1986. Iye analemba kuti ganizo lake linachokera kwa mnyamata wina pasukulu imene anakachezako, amene anamupempha kuti alembe buku la nyumba yachifumu yoyenda. M'bukumo Sophie, mtsikana wosoka zipewa amene amakhulupirira kuti mwana woyamba mwa atatu sangapambane pa chilichonse, amasandutsidwa nkhalamba, ndipo chodabwitsa nchakuti ukalambawo ndi umene umamumasula lilime. Kumbukirani kuti wolembayo nayenso anali woyamba mwa atatu. Hayao Miyazaki wa ku Studio Ghibli ku Japan anapanga filimu yake mu 2004, koma anaikamo nkhondo yaikulu imene m'buku ili patali, ndiponso anachotsa mbali yakuti Howl, katswiri wa matsenga mwini nyumba yoyendayo, kwawo ndi ku Wales, kumene mlongo wake amamuona ngati munthu wopanda ntchito. Ndikukulangizani kuti muwerenge bukulo ngakhale filimu mwaionera kale, pakuti Howl wa m'buku ndi wamantha, wodzikongoletsa ndi woseketsa kuposa wa pa kanema.

Analemberanso akuluakulu ndi achinyamata okulirapo. Fire and Hemlock la mu 1985, lomangidwa pa nyimbo zakale za ku Scotland za Tam Lin ndi Thomas the Rhymer, ndi lovuta ndithu, ndipo anthu amatsutsana za tanthauzo la mathero ake mpaka lero, musayambire pamenepo. Mu 1996 anatulutsa The Tough Guide to Fantasyland, kabuku kolembedwa ngati kalozera wa alendo, koseka zizolowezi zotopetsa za olemba nkhani zamatsenga anzake. Mu 2007 analandira mphoto ya World Fantasy yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse.

Anamwalira ku Bristol pa 26 Malichi 2011 ndi khansa ya m'mapapo, ali ndi zaka 76, ndipo anali akulembabe. Buku limene anasiya lisanathe, The Islands of Chaldea, analimaliza ndi mng'ono wake Ursula, mmodzi mwa atsikana awiri amene ankamvetsera nkhani za m'makope aja ku Thaxted, ndipo linatuluka mu 2014. Ana anu ngati ali ndi zaka za pakati pa 9 ndi 12, ayambe ndi Charmed Life, inu muyambe ndi Howl's Moving Castle, kenaka musinthane.