Achemwali, musasiye mapiritsiwo chifukwa cha coach

Achemwali, nditangofika pamene mwalemba kuti coach wakuuzani musiye mapiritsi milungu iwiri musanapite ku retreat ya bowayo, kumene anthu amakamwa bowa wozunguza bongo pofuna kuchiza maganizo, thupi langa lonse lachita tsemwe. Ndili pa break ya usiku, agogo onse amene ndimasamalira kuntchito kuno ku UK agona, ndiye mundikhululukire ngati nkhaniyi ibwere mobalalika. Mawu amenewo ndi omwe anandiuza ine mu 2022, osasintha ngakhale limodzi.

Ambiri muno mukukumbukira kuti mayi anga anatisiya chakumapeto kwa February 2021, Malawi ali pa red list, mndandanda wa UK wa mayiko oopsa pa COVID. Kupita kumaliro kunkatanthauza kuti pobwera ndidzatsekeredwe m'hotela masiku 10, ndilipire £1,750 pamwamba pa tikiti. Sindinapite. Ndinaonera pa WhatsApp, foni ili m'manja mwa mphwanga ikunjenjemera, ndipo netiweki inaduka bokosi likutsika m'manda. Basi. Mayi anga anathera pamenepo, pa chithunzi choima. GP, dokotala wanga wa kuno, anandipatsa sertraline, mapiritsi a depression, ndipo kunena zoona anandithandiza, ndinkadzuka, kusamba, kupita ku ntchito. Kungoti ndinkangokhala ngati ndafunda bulangete lonyowa, kulira osalira, kuseka osaseka.

Ndiye ndinakumana naye pa Instagram coach wangayo, mayi wina wochititsa ma retreat a bowa. Zovala zoyera, mawu ofewa ngati akutonthoza khanda, aliyense kwa iye ndi sister. Tinayankhulana pa Zoom mphindi 20. Fomu yake inafunsa ngati ndimadya nyama, ngati mtedza umandiwenga, ndi chimene mtima wanga ukufunafuna. Za kumtundu kwathu sanafunse olo pang'ono. Koma achimwene anga, obadwa nawo bere limodzi, anagonekedwapo kawiri ku Zomba mutu utasokonekera. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ku kafukufuku weniweni, ngati amene amachitika ku Imperial College ku London kapena ku Johns Hopkins ku America, funso limeneli amafunsa pachiyambi penipeni, ndipo ukangoti m'bale wako weniweni anadwalapo psychosis amakubweza pakhomo. Ine anangondilandira ndi manja awiri, ine ndi £1,400 yanga ya chipereganyu imene ndinati ndikhomere malata nyumba ya ku Chinamwali.

Mapiritsi ndinasiya tsiku limodzi, monga ananenera. Tsiku lachitatu chizungulire chinayamba. Ndikatembenuza maso ndinkamva ngati waya wamagetsi wandikhudza m'kati mwa mutu, zzt, zzt. Ndinkalira ku laundry ndikupinda mapilokesi. Nditamulembera anandiyankha ndi timitima titatu, akuti ndi poizoni wa azungu akutuluka m'thupi. Mzungu mnzawo akunena zimenezo! Ine n'kukhulupirira.

Malo ake inali nyumba ya lendi kunja kwa Amsterdam, ng'ombe kuseri kwa mpanda. Tinalipo anthu 14, otiyang'anira awiri okha, mayiyo ndi kamnyamata kena ka ndevu kamene ntchito yake yeniyeni inali kuimba ng'oma. Matiresi pansi, aliyense kandowa kake pambali ndi kansalu kophimba m'maso. Anatipatsa tiyi wa ma truffle, timibulu ta bowa womwewo tomera pansi pa dothi, kukoma kwake ngati mtedza wowola wosakaniza ndi dothi, jinja amene anathiramo sanabise kanthu. Patapita mphindi ngati 40 khoma linayamba kupuma. Zimenezo sizinandiopse kwenikweni. Kenako ndinamva amayi a Mvano akuimba, chapafupi, ngati ali kuseri kwa chitseko, ndipo ndinazindikira kuti amene ali m'bokosi si mayi anga. Ndine. Ndinkamva dothi likugwera pa chivundikiro, fosholo imodzi imodzi, ndi fungo la thabwa laliwisi. Mpweya unandithera. Ndinayesa kukuwa, koma tamverani izi achemwali, Chingerezi chonse chinandithawa m'mutu. Zaka 9 ndili kuno, ndimalemba ma care plan tsiku ndi tsiku, koma pakamwa pankangotuluka Chichewa chokhachokha. Ndithandizeni, ndikufa, tsegulani. M'chipinda monse munalibe munthu ndi mmodzi yemwe wondimva.

Mayi uja anali kumapeto kwina, akulimbana ndi bambo wina wamkulu thupi amene ankadzimenyetsa kukhoma. Kamnyamata kaja kanasiya ng'oma, kubwera, n'kundisanjika dzanja pachifuwa, kukanikiza, kakundinong'oneza m'khutu kuti ndigonjere, ndisalimbane nazo. Munthu ukumva kuti akukwirira wamoyo, wina n'kudzakukanikizanso pachifuwa. Palibe amene anatifunsa dzulo lake ngati timalola kukhudzidwa, pati, ndi ndani. Ndinamuluma padzanja. Sindichita nazo manyazi. Ndinakwawa mpaka ku toileti, kukhoma chitseko, kugona pa matailosi ozizira nditakumbatira paipi ya pansi pa sinki. Ndinasanza, ndinadzikodzera, zonse. Wotchi ya pafoni inkati 3:10, ndikatseka maso kwa nthawi imene ndinkaona ngati chaka, kutsegula, 3:11. Chingerezi chitabwerera pang'ono ndinakuwa kuti aimbe 112, andiitanire ambulansi. Mayiyo anabwera pachitseko, mawu ake ofewa omwe aja, akuti ambulansi isokoneza energy ya gulu, komanso amene ukupempha ambulansi si ine, ndi mantha anga. Anachoka.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa ku Germany, wolipira ngati ine ndemwe, nayenso mankhwala ali m'mutu. Anakhala pansi kunja kwa chitseko, n'kulowetsa zala ziwiri pa mpata wa pansi. Sanayankhule kanthu. Ndinagwira zala zimenezo mwina maola awiri. Dzina lake sindilidziwa mpaka lero.

Kutacha, zipatso m'mbale, kukhala mozungulira, aliyense anene mphatso imene walandira. Anthu akulira ndi chimwemwe, ine ndili phee, buluku lonyowa lili m'jumbo. Madzulo omwewo ndege, mawa lake shifiti ya maola 12. Ndinatha masiku 9 tulo tosabwera, ndikati ndigone dothi lija liyambenso kugwa. Ndinayamba kuganiza kuti anzanga ku ntchito akundijambula mobisa, kuti wailesi ya m'chipinda cha agogo ena ikunena za ine. Nditamulembera coach anati ndikufunika integration, kukambirana naye zimene ndinaona kuja, £90 pa ola. Nditati ndalama ndilibe ndipo ndikuona ngati ndikupenga, anandichotsa m'gulu la WhatsApp, akuti ndikuopseza anzanga. Wina wake muno, akudzidziwa yekha, ndi amene anandinyamula pa galimoto yake 2 koloko usiku kupita nane kuchipatala, ku A&E. Dokotala ndinamuuza zonse, osabisa. Sanandiitanire apolisi, sanandinyoze, anangofunsa mafunso onse aja amene mayi uja sanafunse. A crisis team, azachipatala oona za maganizo, ankabwera kunyumba pafupifupi milungu itatu.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka pano n'choti ndinamufufuza nditapsa kale. Setifiketi imene ankaonetsa inali ya kosi ya pa intaneti ya masiku ochepa. Mawu oti coach alibe mwini, ine ndemwe mawa nditha kudzuka n'kudzilemba coach pa Facebook, palibe angandigwire. Ngakhale oti therapist kuno ku UK aliyense atha kudzitcha. Dokotala weniweni mumupeza pa kaundula wa GMC, nesi pa NMC, clinical psychologist pa HCPC, ndipo akalakwa pali kokadandaula. Uyu ndikanakamusumira kwa ndani? Kwa ng'ombe zija? Ankangobwereza kuti zonse n'zololedwa, zonse n'zololedwa. Inde, dziko la Netherlands linaletsa bowayo mu 2008 koma ma truffle lamulo silinawakhudze, amagulitsidwa m'mashopu. Kachasu nayenso amagulitsidwa, koma wotcheza kachasu sitimutcha dokotala. Ndipo sanasiye, mwezi wathawu ndaona akulengeza ina ku Portugal, zithunzi za anthu atakumbatirana pagombe. Mulungu andikhululukire zimene ndinamufunira.

Inu simunanene kuti yanuyo ili kuti. Ngati ili mkati mwa UK muno, m'kanyumba kena kumudzi, ndiye ganizaninso kawiri, chifukwa psilocybin, mankhwala a m'bowamo, kuno ndi Class A, gulu limodzi ndi heroin. Ife a visa ya care, DBS, kalata yoonetsa ngati uli ndi mlandu, ikangoda, ntchito yatha, sponsor watha, tikiti ya ku Chileka.

Ndiye langizo langa ndi loti musapite. Musapite basi. Ndipo mapiritsiwo, kaya mupita kaya simupita, wokuuzani zosiya akhale amene anakulemberani, amachepetsa pang'onopang'ono, si zongodula tsiku limodzi ngati ine. Simunatchule kuti mukumwa ati. Ngati ndi lithium, ameneyo ndi bowa sayenderana, anthu amagwa ngati akhunyu. Ngati chimene akupatseni ndi ayahuasca, tiyi wa ku Amazon uja, ameneyo ndi mankhwala a mtundu wa sertraline akakumana m'thupi atha kukuphani. Ibogaine, mankhwala enanso a ku ma retreat otere, amasokoneza kagundidwe ka mtima, wokupatsani asanakujambuleni mtima ndi ECG ameneyo akusewera ndi moyo wanu. Uzani GP kuti mapiritsi akukuziziritsani mtima, alipo ena, atha kusintha. Ku NHS Talking Therapies, kumene amapereka uphungu wa maganizo, ngati muli ku England mutha kudzilembetsa nokha, mzere wake ndi wautali, koma ndi ulere. Usiku ukakula kwambiri imbani 116 123, a Samaritans, omvetsera mavuto a anthu pafoni, sagona.

Komabe ndikanama ndikati mankhwalawo ndi achabechabe. Ku Australia kuyambira July 2023 madokotala a maganizo ovomerezeka amaloledwa kupereka psilocybin kwa anthu amene depression yawo yakana mankhwala ena. Ku Oregon, ku America, anavotera zolola psilocybin mu 2020, kumeneko woyang'anira amakhala ndi laisensi ya boma. Koma ku America komweko a FDA, ovomereza mankhwala, anakana MDMA, mankhwala ena ozunguza bongo amene amayesedwa pochiza maganizo, mu 2024, anati umboni sunakwane, ndiye nawonso akadali kufufuza, si kuti nkhaniyi inatha. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amene anandiperekeza ku A&E uja. Bokosi lija lisanabwere ndinawaona mayi. Anali pakhonde, atayala chitenje, akusenda mtedza m'lichero, miyendo atatambasula monga ankakhalira. Anadzutsa mutu n'kundifunsa kuti, wadya? Basi, mawu amodzi omwewo. Kuchokera tsiku limenelo ndimatha kuyang'ana chithunzi chawo osathawa m'chipinda, chimene chinkandikanika chaka chonse ndi theka. Ndiye mwina chinachake chinamasuka. Atandiitana ku kafukufuku weniweni, wa anthu awiri ophunzira kuyang'anira ine ndekha, dokotala ali pafupi, ndikuganiza ndikanapita. Kungoti sangandilandire, chifukwa cha achimwene.

Ngati mtima wanu wauma kale ndipo depoziti munalipira, chabwino, mufunseni izi ndipo akuyankheni polemba. Ali pa kaundula wanji, nambala yake ndi chani, mukaione nokha. Anthu mudzakhala angati, oyang'anira angati, ndipo oyang'anirawo nawonso amamwa kapena ayi. Chipatala chili mtunda wotani, ndipo analiitanirapo munthu ambulansi liti. Akati sizinachitikepo chifukwa kwa iye anthu savutika, thawani. Za kukhudzana mugwirizane mutu uli bwinobwino, osati mutamwa kale. Mukadzabwerako osagona masiku atatu, adzakuthandizani ndani, pa mtengo wanji. Onaninso ngati iyeyo akufunseni za mtima wanu, BP, mimba, ndi za kumtundu. Akapanda kufunsa, mwamudziwa. Musadzabwere n'kulowa shifiti mawa lake, tengani sabata ya annual leave.

Ndipo musapite nokha. Mutenge munthu amene sadzamwa, womva Chichewa, akhale m'nyumba momwemo. Akakana coach kuti alendo saloledwa, ndalamazo zisiyeni zipite. Ine ndanena kuti musapite, koma ngati mulibe wina, ndiuzeni tsiku msanga ndisinthane shifiti ndi mnzanga, pasipoti yanga ili bwino, visa ya Schengen ndi imene imachedwa. Ndilembereni ku inbox dzina la mapiritsi anuwo ndi mamiligalamu ake, ndiweruka 8 koloko m'mawa.