Yambani ndi Institutes, Digest ibwere pambuyo

Achimwene, mwafunsa kuti malamulo a Aroma okhudza katundu, mapangano ndi chipukuta misozi muyambire pati, poti munaphunzira zamalamulo ku Malawi ndipo mukupita kukapitiriza ku South Africa. Musayambe ndi Digest. Ili ndi mabuku 50, ndipo ndi tizidutswa tosonkhanitsidwa kuchokera m'zolemba za akatswiri akale monga Ulpian ndi Paul, amene nthawi zina amatsutsana. Woyamba kumene amasochera.

Tengani Institutes, buku la malamulo la mfumu ya Aroma Justinian, ya chaka cha 533. Ndi timabuku 4 tokha, ndipo inalembedwera ophunzira a chaka choyamba. Muiwerenge pamodzi ndi Institutes ya katswiri wamalamulo Gaius ya cha m'ma 161, imene Justinian anatsanzira. Ya Gaius inasowa kwa zaka mazanamazana mpaka katswiri wa mbiri Niebuhr ataipeza ku Verona, ku Italy, mu 1816, itabisika pansi pa zolemba zina pachikopa chomwecho. Onse awiri amagawa malamulo patatu: anthu, zinthu, ndi njira zosumira. Gawo lachitatuli ndi limene ambiri amadumpha, chonsecho ndilo lotsegula enawo. Mroma sankayamba ndi funso loti "ufulu wanga ndi wotani", ankafunsa kuti "ndisumira ndi actio iti". Ndiye pa mutu uliwonse lembani zinthu zinayi: dzina la actio (njira yosumira), wosumira, wosumiridwa, ndi chimene wopambana amalandira. Mwini katundu amene chinthu chake chili m'manja mwa wina ali ndi rei vindicatio yofunira kuti chibwerere kwa iye. Wogula kapolo kapena chiweto chokhala ndi chilema chobisika anali ndi actio redhibitoria yobwezera malondawo pasanathe miyezi 6, kapena actio quanti minoris yotsitsira mtengo pasanathe chaka. Mainawa mukawamva m'makhothi a ku South Africa mpaka lero.

Mukatero, lowani mu Digest pakhomo limodzi, D.9.2, pa lex Aquilia, lamulo la chipukuta misozi wina akawononga katundu wa mnzake. Manambalawo ndi buku, mutu, kenako kachidutswa ndi ndime. Pa D.9.2.11 pali wometa amene anaika mpando wake pafupi ndi anthu osewera mpira. Mpira unagunda dzanja lake, lumo n'kucheka khosi la kapolo amene ankametedwa. Wolakwa ndani, womenya mpira kapena wometa? Ulpian akuwonjeza kuti wina anganenenso kuti wometedwayo adziimbe yekha mlandu pokhala pamalo oopsa. Lembani yankho lanu musanaone la akatswiriwo. Mukachita timilandu totere 20, nkhani ya culpa, kulakwa chifukwa chosasamala, idzakhazikika m'mutu kuposa kuloweza matanthauzo.

Chimene chimagwetsa anthu ndi kusakaniza nthawi. Lamulo la m'nthawi ya Gaius, la Justinian, la ku Holland monga analilembera akatswiri Grotius mu 1631 ndi Voet cha m'ma 1700, ndi la makhothi a lero ndi zinthu zinayi zosiyana. Lex Aquilia poyamba inali ndi mbali ya chilango, koma ku South Africa yasanduka njira yobwezera chimene munthu wataya basi. Pamayeso, mukangolemba kuti "Aroma ankati" osatchula nthawi, mamakisi apita.

Tengani vuto limodzi muliyendetse m'maiko angapo. Mwagula ng'ombe, mtengo mwagwirizana, koma mphenzi yaipha isanaperekedwe. Kwa Aroma umwini umasamuka pokhapokha chinthu chaperekedwa m'manja, komabe tsoka limagwera wogula malonda akangotsimikizika, periculum est emptoris, ndipo ndalama alipirabe. South Africa imatsata zomwezo. M'malamulo a Angerezi wogula amatayanso, koma pa chifukwa china: umwini wa chinthu chodziwika kale nthawi zambiri umasamuka pa pangano pomwepo, tsoka n'kutsatira umwiniwo. BGB, buku la malamulo la ku Germany la 1900, inakana zimenezi, tsoka limadikira kuperekedwa. Tebulo lotere pa mitu isanu kapena isanu ndi umodzi limaphunzitsa kuposa buku lonse la mbiri.

Inu amene mwakulira m'malamulo a Angerezi, amene anafika ku Malawi kudzera mu Order in Council ya 1902, chenjerani ndi consideration, chija munthu amapereka posinthana ndi lonjezo la mnzake kuti pangano limange. Khothi la apilo ku South Africa linagamula mu 1919, pa mlandu wa Conradie v Rossouw, kuti pangano lochitidwa mwadala ndi mtima womangika ndi lokwanira popanda iyo. Ku Zimbabwe n'chimodzimodzi, chifukwa anatenga malamulo a ku Cape, ku South Africa, monga analili pa 10 June 1891. Mozambique nayo ndi mdzukulu wa Aroma, koma kudzera mu Código Civil, buku la malamulo la Portugal la 1966, choncho Voet sakuthandizani kumeneko. Ngakhale Angerezi anabwerekako: mu Coggs v Bernard ya 1703, woweruza Holt anagawa nkhani yosungitsa ndi kubwereketsa katundu potsata mayina achiroma monga depositum (kusungitsa) ndi commodatum (kubwereketsa).

Za Chilatini musade nkhawa kwambiri. Digest yonse ilipo m'Chingerezi, imene anakonza Alan Watson mu 1985. Koma mawu monga dominium (umwini), possessio (kukhala ndi chinthu m'manja) ndi iniuria (kulakwira munthu) muwasiye m'Chilatini momwemo m'manotsi anu. Mukamasulira possessio ngati umwini mudzalephera kumvetsa chifukwa chake mandament van spolie, njira yosumira ya ku South Africa, imatha kubwezeretsa katundu ngakhale kwa wakuba amene walandidwa mokakamiza, khothi lisanafunse n'komwe kuti mwini wake ndani.