Waqf ikhoza kulowa m'munda, koma osati ngati makuponi

Wa alaikum salaam achimwene. Mwafunsa ngati waqf (chuma chimene Msilamu amapereka kwa Allah kuti chisagulitsidwenso koma chizithandiza anthu) ingathandize alimi akumudzi kapena ndi ya mizikiti, madrasa ndi manda basi. Yankho ndi lakuti ingathandize, ndipo imodzi mwa waqf zoyambirira inali munda. Umar ibn al-Khattab, mmodzi mwa omutsatira a Mtumiki Muhammad, atapeza munda ku Khaybar ku Arabia, Mtumikiyo (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anamulangiza kuti munda ausunge, zokolola zake azipereka swadaka (chopereka chachifundo). Mundawo sunkagulitsidwa, kupatsidwa munthu kapena kugawidwa ngati chuma chamasiye. Naye Uthman, wotsatira wina wa Mtumiki, anagula chitsime cha Ruma ku Madinah kuti aliyense azitunga ulele.

Ena m'gulu muno akuti tisonkhe ndalama tigulire anthu feteleza. Nzabwino, koma imeneyo ndi swadaka wamba. Thumba likathiridwa latha, chaka chamawa muyambanso kupemphetsa. Pa waqf chinthu chenichenicho chimakhalapobe, anthu amangodya phindu lake.

Ine ndikanati tiyambe ndi madzi. Ku Mangochi, Machinga ndi Balaka anthu amakolola kamodzi pachaka pomwe Shire ndi nyanja ya Malombe zili pakhomo. Mjigo, pampu ya sola ndi mapaipi zikhale za waqf, alimi azilima chimanga chachiwisi, tomato ndi anyezi m'chilimwe. Akakolola apereke gawo lomwe munagwirizana asanadzale. Mgwirizano umenewu ndi wogawana zokolola, ndipo mulibe chiwongoladzanja. Mvula ya matalala ikawononga, nonse mwaluza limodzi, kusiyana ndi wakatapila amene amafuna zake ngakhale m'nkhokwe muli mbewa zokha. Gawo la waqf likonzere pampu kaye, zotsala ndiye zipite kwa amasiye.

Maiko ena anazilemba m'malamulo. Indonesia inakhazikitsa lamulo la waqf mu 2004, lomwe limalola ngakhale waqf ya ndalama, kutanthauza kuti wopanda munda naye akhoza kuponyapo kangachepe. Kenya inapanga lamulo latsopano mu 2022.

Vuto lathu lalikulu ndi malo. Minda yambiri ndi ya makolo, ili m'manja mwa mbumba ndi mafumu. Agogo akanena pakamwa kuti "munda uwu ndapereka kwa Allah", akangotsikira kuli chete adzukulu amabwera ndi makasu, nkhani nkuthera kwa a T/A. Choncho banja lonse livomereze, amfumu asayine, malire alembedwe, ndipo pakhale matrasti olembetsedwa kuboma.

Woyang'anira, yemwe amatchedwa nazir, asasankhidwe chifukwa choti sajomba kumzikiti. Akhale wodziwa ulimi ndi kulemba mabuku a ndalama, azilandira kenakake kodziwika (ntchito yaulele imatha ndi kutola), ndipo aziwerenga malipoti pagulu ikatha Jumu'ah (mapemphero a Lachisanu). Ngati kwanuko munthu wotero simunamupeze, musagule kaye pampu.