Zobiriwira zoyandamazo zinandithera nsomba

Achimwene, chithunzi cha damu lanu la nsomba chimene mwatumiza chandibaya mtima. Zoyandama ngati penti wobiriwira zimene mphepo yazikankhira kungodyazo si chakudya cha nsomba ayi, musawamvere akukuuzani choncho. Ine zinandithera makumba ndi chilunguni damu lathunthu kuno kwa Santhe, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Ndinalawirira kusanache kukapereka madeya. Ndisanafike n'komwe, fungo linandichingamira panjira. Kuunika ndi tochi, nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa yasa, kulimbirana mpweya. Zikuluzikulu zinali zitagona kale chagada, mimba zoyera mbuu m'mbali monse. Mayi a kunyumba anathamanga ndi ndowa, tikutunga pachitsime kuthira m'damu, koma ndowa ingachite chiyani padamu lonse? Dzuwa likutuluka ana a m'mudzi anafika ndi mabeseni kuti atole, ine ndikuwathamangitsa misozi ili chuchuchu, ena akunditukwana kuti ndine womana. Tinakumba dzenje n'kukwirira nsomba zimene ndinkadalira pa fizi ya mwana kusekondale.

Ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndi mkulu amene anandigulitsa mbewu ya nsomba. Iyeyo ndiye ankati thirani zitosi za nkhuku osaumira, madzi akabiriwira kwambiri ndiye ndalamazo. Zitosizo wogulitsa wake anali yemweyo! Nditamuimbira m'mawa umenewo anati mwina wina wakuthirirani mankhwala. Ndinatsala pang'ono kudana ndi mnansi wanga wosalakwa chifukwa cha mawu amenewo. Kuchokera pamenepo foni yake sayankha.

Amene anandimasulira ndi alangizi a za nsomba. Si ndere wamba izi, ndi tizamoyo totchedwa cyanobacteria, ndipo nkhondo yake yonse ndi ya kuwala. Mtundu wina, Microcystis, uli ndi timatumba ta mpweya m'kati mwake. Kukatentha, mphepo n'kukhala bata, timakwera pamwamba n'kutchinga dzuwa, pansi pamachita mdima, ndere zabwino zimene nsomba zimadalira zimafa n'kuwola. Masana damu limaoneka bwinobwino chifukwa dzuwa likamawala timatulutsa mpweya wabwino. Usiku timaumwa tokha, zowola zija zikumwanso, ndiye pofika mbandakucha nsomba zilibe chopuma. N'chifukwa chake zimafa m'mawa, osati masana. Musanyengekenso kuti madzi akachita matope ndiye mwapulumuka, ilipo mitundu ina imene imakula bwino m'kuwala kochepa, ndipo m'madzi osaya, ovunduka, ndiyo imalanda malo.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi poizoni wake, amawononga chiwindi, ndipo kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Ku Botswana mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa, boma lakumeneko linati ndi poizoni wa tizamoyo timeneti. Njovu, achimwene. Nanga mbuzi yanu, nanga mwana wosambiramo? Ziweto zisamwe pamenepo, amayi asachapirepo.

Lero lomwe siyani kuthira zitosi, madeya chepetsani. Wolani zoyandamazo ndi chitenje chakale kapena neti, muzitaye kutali, manja musambe ndi sopo. Ngati muli ndi ngalande, lowetsani madzi atsopano, akale atuluke pang'ono. Mukakhala kuti mulibe, m'bandakucha muzivundula pamwamba ndi nthambi kuti mpweya ulowe. Ndiye pisani mkono mpaka pachigongono, ndi masentimita pafupifupi 30 amenewo. Chikhatho chikasowa musanafike pachigongono, madzi achita kunyanya kubiriwira.

Koma zitosi musazisiyiretu, nsomba sizikula m'madzi oyera mbee. Zoyandamazo zikadzatha muyambirenso, ine pano ndimathirabe sabata iliyonse, kungoti ndimaziika m'thumba pangodya, osamwaza damu lonse. Komanso ndaona kumtunda kwa chithunzi chanucho ngati pali nazale ya fodya. Feteleza wa pamenepo amatsetserekera kwa inu akamathirira, mvula ikayamba ndiye zidzanyanya. Kambiranani nawo mwaulemu eni ake, mukumbe ngalande yopatutsa madziwo mvula yoyamba isanagwe.