Abowola kumtunda kwa dimba, madzi afiira: mlangizi akuyankha

Bambo wina wa ku Karonga walemba kuti: "Kampani yofufuza malasha yabowola maenje kumtunda kwa dimba lathu. Tsopano madzi a m'chitsime afiira, tomato akufota. Tikawafunsa akuti si iwo. Titani?"

Bambo, n'zotheka kuti ndi iwo. Miyala ya malasha nthawi zambiri imakhala ndi salufa. Ikafukulidwa n'kukumana ndi mpweya komanso mvula, imatulutsa asidi amene amasungunula chitsulo cha m'nthaka, madzi n'kufiira. Ndiponso dzenje lobowoledwa likasiyidwa osalitseka ndi simenti, limasanduka njira yoti madzi oipa apamwamba, dizilo ndi matope a makina zitsikire ku madzi amene mumatunga.

Komatu musathamangire kukatseka msewu. Mjigo wa mapaipi adzimbiri umafiiritsanso madzi, ndipo tomato amafotanso ndi matenda a m'nthaka. Zulani mtengo umodzi wofota, dulani tsinde, muliviike m'tambula ya madzi oyera. Mukaona kautsi koyera kakutsika kuchokera podulapo, ndi matenda amenewo, kampani ilibe mlandu pa tomatoyo.

Mlandu wa madzi umafuna pepala. Pitani ku ofesi ya zamadzi kwa DC, mupemphe kuti iwo eni adzatunge madziwo akawayeze ku labotale ya boma. Botolo lotunga nokha a kampani adzalikana. Lembaninso kalata ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, amfumu adindepo, kope lina musunge. Pakadali pano musamwe madziwo. Kuwiritsa kumapha tizilombo basi, mankhwala amatsala momwemo.

Mayi wina wa ku Rumphi akuti kwawo makina sanafike, koma a kampani abwera kale ndi mapepala oti anthu adinde chala.

Mayi, inu ndiye muli pabwino, chifukwa mungathe kuyezetsa madzi ntchito isanayambe. Limenelo likhale pempho loyamba pamsonkhano, lisanabwere la chipukutamisozi: chitsime ndi mjigo uliwonse ziyezedwe, kampani ilipire, zotsatira zisungidwe ndi komiti ya mjigo. Inunso mangani mwala kuchingwe, muziyeza kuya kwa madzi mwezi uliwonse n'kulemba m'kope. Mu Okutobala madzi amatsika okha, ndiye popanda kope la chaka chatha mudzatsutsana mpaka kulowa kwa dzuwa.

Ngakhale ku America anthu anavutika nazo zimenezi. M'mudzi wa Dimock ku Pennsylvania, kumene amabowola gasi, chitsime cha pakhomo pena chinaphulika mu 2009 gasi atalowa m'madzi. Zinatenga mpaka 2022 kuti kampani yobowola gasiyo isiye kutsutsa mlandu kukhoti n'kuvomera kulipira mapaipi a madzi abwino. Zaka 13, kudziko la maloya ambirimbiri!

Za mapepalazo, musadinde tsiku lomwelo, ngakhale galimoto ili chilizire panja. Pemphani kuti awerengedwe pagulu m'chilankhulo chanu, ndipo mulembedwe kuti dzenje lililonse adzalitseka ndi simenti akamachoka, dziwe lotayiramo matope a makina likhala patali bwanji ndi chitsime, komanso ndani adzabweretse madzi akumwa ndi othirira ngati anu aipa. Mawu oti "tidzakukumbirani mjigo" akhale ndi tsiku ndi siginecha.