Ma hacker a pa Khrisimasi: amaba magemu kapena amangotseka khomo?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a pa Lizulu, ali ndi kashopu ka magemu, ma PS4 awiri ndi TV, anyamata amalipira n'kumamenya FIFA mpaka mdima. Amva zoti nthawi ya Khrisimasi ma hacker amagwetsa netiweki ya PlayStation, ndiye akufunsa kuti kodi akaunti yawo ndi magemu omwe anagula movutikira aja abedwa? Azule intaneti December yense?

Achimwene, mtima pansi kaye. Zomwe mwamvazo n'zoona, koma kugwetsa ndi kuba ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Pa 25 December 2014 kagulu kodzitcha Lizard Squad kanagwetsa PlayStation Network ndi Xbox Live tsiku lomwelo. Tangoganizani ana ku Ulaya ndi ku America angotsegula kumene makatoni, makina atsopano, kuti alumikize, zii. Xbox inadzuka patatha ngati tsiku limodzi, PlayStation ya Sony inachedwerapo. Zoterezi amati DDoS, ndipo kuti mumvetse taganizani za pachigayo pa 24 December, azimayi ali pamzere ndi mphale zawo za nsima ya Khrisimasi, kenako kwatulukira anyamata 500 ndi matumba opanda kanthu, aliyense akudzipanikiza pakhomo kufunsa kuti kugaya ndi ndalama zingati, akamuyankha akubwereranso kumbuyo kukafunsanso kachikena. Palibe yemwe wabedwa chimanga, injini ndi yabwinobwino, koma palibe akugaya. Ma seva a Sony zinawachitikira ndi zomwezo, anadzazidwa ndi mauthenga achabechabe mpaka osewera enieni kusowa polowera.

Bwanji amakonda Khrisimasi? Anthu amakhala ochuluka kale pa netiweki, ogwira ntchito ambiri ali pa holide, ndiye ukagwetsa tsiku limenelo dziko lonse likumva. Anyamata a Lizard Squad aja ankafuna kutchuka basi, komanso inali ngati advert, chifukwa patangopita masiku ochepa anatsegula Lizard Stresser, yoti aliyense alipire iwo n'kumugwetsera webusayiti yomwe akufuna. Chondiseketsa ine mpaka lero ndi momwe analekera, Kim Dotcom, yemwe anayambitsa Mega, kampani yosungira mafayilo pa intaneti, anawanyengerera ndi ma voucher 3,000 a kampani yake kuti asiye anthu asewere kkkk, ngati kupatsa mwana switi kuti asiye kulira.

Sikuti amangopulumuka ayi. Austin Thompson wa ku Utah, yemwe anachita zomwezi pa holide ya 2013 ndi dzina loti DerpTrolling, mu 2019 anamulamula kukhala kundende miyezi 27. Mu December 2024 apolisi a maiko angapo pamodzi ndi Europol, bungwe la apolisi a ku Ulaya, anatseka mawebusayiti 27 ogulitsa DDoS, dala Khrisimasi isanafike.

Kuba kwenikweni kunachitika mu April 2011, pomwe anthu analowa mkati mwenimweni mwa PlayStation Network n'kufikira zambiri za maakaunti pafupifupi 77 miliyoni, netiweki inatsekedwa masiku 23. Kumeneko nde kuthyola nyumba. Chokutetezani pa zoterezi ndi pasiwedi yoti simuigwiritsa ntchito kwina kulikonse, ndi 2-step verification, yoti polowa muzilembanso nambala yachinsinsi yobwera pafoni yanu. Ndipo kunena zoona amene angakubereni akaunti si hacker wa kunja ayi, ndi kamnyamata komwe kamaima kumbuyo kwanu mukulemba pasiwedi pa TV yaikuluyo.

Pali china chomwe ambiri sachidziwa. Anyamata a matumba opanda kanthu aja amachokera kuti? Lizard Stresser inkagwiritsa ntchito ma router a m'nyumba za anthu omwe sanasinthe pasiwedi yobwera nayo ku fakitale, admin admin ija. Pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai ya mu 2016 inachitanso chimodzimodzi ndi makamera ndi ma router. Ndiye router yanuyo itha kukhala ikugwira ganyu ya wina inu osadziwa, uku bandulo mukugula ndinu. Isintheni lero.

Za bizinesi yanu, intaneti musazule, ingokonzekani. Pa PS4 iliyonse lowani mu settings, akaunti yomwe munagulira magemu muiike kuti Activate as Your Primary PS4, magemu odawunilodawo azitseguka ngakhale netiweki itagwa. Dziwani kuti akaunti imodzi imalola PS4 imodzi yokha kukhala primary, ndiye inayo muzidalira ma disiki kapena akaunti yakeyake. Ma update onse malizani isanafike 20 December, usiku bandulo ikakhala yotchipa. Anyamata awiri atakhala pabenchi limodzi kumenyana FIFA safuna seva ya munthu.

Ikakana kulumikiza tsikulo chonde musathamangire Initialize, mufufuta zonse pachabe. Yang'anani kaye pafoni tsamba la status la PlayStation. Ine chaka china ndinagula bandulo katatu konse ndikutukwana kampani ya foni, kuzimitsa kuyatsa kuzimitsa kuyatsa, pomwe vuto silinali kuno n'komwe.

Komanso kwathu ku Ntcheu kuno December ndi mvula ndi ziphaliwali, magetsi amathawa osatsanzika. Ndalama ikapezeka yambani mwagula surge protector, kachipangizo koteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo kukayamba kugunda zulani ma PS4 onse awiri kukhoma ngakhale anyamata alire kuti gemu ili pa 89 minutes.