Mizere ya mbidzi ndi mikwingwirima ya pa Yesaya 53: mawu oti "stripes" anachokera kuti?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo sabata ino. Akuti mwana wawo anaphunzira kusukulu kuti mbidzi ili ndi "stripes", koma Lamulungu kutchalitchi anamva abusa akuwerenga m'Chingerezi kuti "with his stripes we are healed". Pobwerera kunyumba mwanayo anafunsa ngati Yesu anali ndi mizere pathupi monga mbidzi. Mayiwo akufuna kudziwa ngati awa ndi mawu amodzi, komanso kumene anachokera.

Mayi, mwana wanu ali ndi khutu labwino, ndipo funso lakelo si lopepuka ayi.

Tiyambe ndi mbidzi. "Stripe" ndi mzere wautali, woonda, wa mtundu wosiyana ndi zomwe zauzungulira. Mawuwa analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1400, kuchokera ku zilankhulo za tsidya lina la nyanja, kumene lero kuli Netherlands, Belgium ndi kumpoto kwa Germany. Mpaka pano Adatchi amati "streep", Ajeremani amati "Streifen", ndipo mukawatchula mokweza mumamva kuti ndi ana a mimba imodzi. Poyamba penipeni mawuwa ankanena za nsalu. Nthawi imeneyo England inkagulitsa ubweya wa nkhosa wambiri ku mizinda ya ku Flanders, dera lomwe lero lili ku Belgium, monga Ghent, Bruges ndi Ypres, kumene kunali akatswiri owomba nsalu. M'zaka za m'ma 1330, Mfumu Edward III inaitana ena mwa owomba nsaluwo kuti akakhazikike ku England. Anthu akamagulitsana katundu kwa mibadwo, mawu nawo amawoloka limodzi ndi katunduyo, monga mmene ife tinatengera mawu oti nsapato kwa Apwitikizi.

Tsopano tibwere pa lemba lija, chifukwa apa m'pamene mtima wanga uli. M'zaka zomwezo Angerezi ankagwiritsanso ntchito "stripe" ponena za kukwapula ndi chikoti, ndiponso chipsera chomwe chikoticho chimasiya. Akatswiri ena a mbiri ya mawu amaona kuti tanthauzoli linaphuka kuchokera pa loyamba lija. Aliyense amene anaonapo msana wa munthu wokwapulidwa sangavutike kumvetsa: mkwapulo umasiya mzere wautali, wotupa, wofiira, wosiyana ndi khungu lonse. Omasulira Baibulo la King James la mu 1611 anasankha mawu amenewa pa Yesaya 53:5. Anawagwiritsanso ntchito pa 2 Akorinto 11:24, pamene Paulo akuti anakwapulidwa maulendo asanu, ulendo uliwonse zikoti 40 kuchotsapo chimodzi, kutanthauza 39, poti lamulo la pa Deuteronomo 25:3 linkaletsa kupitirira 40. M'Chingerezi cha masiku ano tanthauzoli linazilala, ndiye mwana wa lero akalimva amangoona mbidzi basi.

Apa ndinena mosabisa kuti Chichewa chathu chinachita bwino kuposa Chingerezi. Buku Lopatulika limati "mikwingwirima". Mawu amenewa salola munthu kuganiza za nsalu yokongola kapena nyama ya kutchire. Ukangowamva, thupi limachita tsemwe, umamva ululu. Muwerengereni mwana wanu vesilo m'Chichewa, aona yekha kusiyana kwake.

Matanthauzo ena ndi osavuta. Mbendera ya America amaitcha "Stars and Stripes" chifukwa ili ndi mizere 13, isanu ndi iwiri yofiira, isanu ndi umodzi yoyera, yoimira madera 13 omwe anachoka mu ulamuliro wa Britain. Anaivomereza pa 14 June 1777. Kwa asilikali ndi apolisi, "stripes" ndi nyota za pamkono zija: m'gulu la nkhondo la Britain kopolo amavala ziwiri, sajeni zitatu. M'menemo ndi momwe munachokera mawu oti "earn your stripes", onena za munthu amene wasonyeza ndi ntchito zake kuti udindo wakewo akuuyenera. Mukamvanso kuti "politicians of every stripe", akutanthauza andale a mbali zonse, ngati nsalu za mitundumitundu.

Chinthu chimodzi mumuchenjeze mwanayo polemba: asamasiye "e" wa kumapeto. "Stripe" amatchulidwa kuti "straipi", pomwe "strip" ndi kachidutswa kakatali koonda, kapenanso kuvula zovala.